Tambala Woyera wa Apongozi a Mtsinje

Khalani pansi nonse, bwatoli silikumira, langokhudza mchenga. Iwe Ndaziona, chotsa dzanja m'madzimo, ukufuna kupatsa moni ng'ona? Mukudabwa kuti chaka chatha tinkadutsa pompano osagunda kanthu? Dikirani ndikankhe kaye. Eya, tayandama. Tsono tcherani khutu, ndikuuzeni za munthu amene anatiputira zimenezi.

Kalekale mtsinje uno unali ndi njira imodzi yokha, yakuya bwino, yosasintha chaka ndi chaka. Munthu ankapakira miphika yake m'bwato, n'kuika nkhafi pamiyendo, n'kugona tulo tofa nato, kudzadzidzimuka ali padoko. Panali wapabwato wina dzina lake Kampira, munthu wansangala, koma wankhuli zedi. Iyeyu anali bwenzi la Mtsinje, ndipo Mtsinje atakwatira Dimba, mwana wa mai Mchenga a kumapiri, nkhoswe yake inali Kampira yemweyo.

Inu ana a masiku ano mwina simudziwa. Kale mkamwini sankayang'anizana ndi amayi a mkazi wake. Akawaona akubwera panjira, ankapatuka n'kulowa patchire, minga kaya chitedze zilibe kanthu. Manyazi amenewa ankatha pokhapokha mkamwini atatumiza nkhuku kwa apongozi akewo. Akailandira, basi, ayamba kupatsana moni.

Chaka china mai Mchenga anatumiza mawu kuti akalamba, ndipo mvula ikagwa atsikira kuchigwa kudzakhala pafupi ndi mwana wawo. Mtsinje atamva anasowa mtendere, n'kuitana Kampira.

"Achimwene, ine njira yanga ndi imodzi," anatero Mtsinje. "Amayi akadzakhala panjirapo, ndidzapatukira kuti? Nayu tambala woyera, ndamulera ndekha kuyambira ali kamwanapiye. Mukawapatse mvula isanagwe, kuti akadzafika tidzalonjerane."

"Zochepa zimenezo," anayankha Kampira. "Muone ngati wafika kale."

Koma kukwera mtsinje si kutsika. Kampira anapalasa tsiku lonse, n'kupalasanso lina, m'thumba muli chinangwa chouma chokhachokha. Dzuwa lili paliwombo anakocheza pansi pa mkuyu kuti apume. Tambala uja, wonenepa, n'kulira. Kampira anamuyang'ana, n'kuyang'ana chinangwa, n'kumuyang'ananso. "Gogo uja mano alibe," anadziuza yekha. "Nanga mawu okha sangakwane? Komanso akanena ndani?"

Ha, munthu ameneyu amandipsetsa mtima mpaka lero! Anamuotcha tambala uja, kudya mpaka mutu ndi zipalapaso zomwe. Nthenga anazikwirira m'gombe. Ndiye poti manja anali opanda kanthu, kumapiri kuja sanafikeko n'komwe. Anatembenuza bwato, n'kukauza Mtsinje kuti, "Alandira ndi manja awiri."

Mvula inagwa. Mtsinje anadzaza, n'kusefukira kupita kukacheza kwa mkazi wake Dimba monga ankachitira chaka chilichonse. Masiku omwewo mai Mchenga anatsika ndi madzi a kumapiri, ndipo atatopa anakhala pansi pakati penipeni pa njira, poti panali posalala.

Mvula itakata, Mtsinje anabwerera m'njira yake. Ataona apongozi patsogolo anasangalala, n'kupita molunjika, mtima uli m'malo.

"Amayi, mwayenda bwanji?"

Mai Mchenga anadzidzimuka. Anakoka nsalu n'kuphimba kumaso, n'kufulatira. "Kalanga ine! Mkamwini kundilankhula maso ndi maso, nkhuku ndisanaione? Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wotani?"

Ana inu, manyazi amene anagwira Mtsinje tsiku limenelo! Kubwerera sakanatha, kupitirira sakanatha. Anangodziponya kumbali, kugumula gombe, kudula njira yatsopano pakati pa mabango ndi nthochi za anthu. Pogumuka gombelo panatuluka nthenga zoyera, n'kumayandama pamsana pake. Mtsinje anazizindikira, poti tambalayo anamulera yekha.

M'mawa mwake Kampira anatsika ndi bwato lodzaza miphika, nkhafi pamiyendo, mkonono uli gwaa monga mwa masiku onse. Mwadzidzidzi, guu! Bwato linakwera pamsana pa mai Mchenga, miphika yonse phwaa.

"Ndani akundiponda?" anafunsa mai aja.

Kampira anatsika, madzi akumulekeza m'akakolo pamalo pamene kale nsungwi yokankhira bwato sinkafika pansi. Anaona Mtsinje akudutsa patali, nthenga zoyera zikuzungulira pamadzi. Anagwada pomwepo n'kuulula zonse.

"Ndikagwira tambala wina kwathu," anatero Kampira. "Awiri ngakhale atatu."

Mtsinje sanakalipe. Anangoyankha motsitsa mawu. "Ameneyo adzakhala wanu, achimwene, osati wanga. Wanga anali mmodzi, ndipo ndinamuika m'manja mwa munthu amene ndinkamukhulupirira. Tsopano ndawalankhula amayi popanda mwambo, nkhope yanga sindingawaonetsenso. Kulikonse kumene akhale, ine ndizipatuka. Inuyo m'bwato simudzagonanso. Muziima ndi nsungwi, muzifufuza nokha pamene akhala."

Chomvetsa chisoni n'chakuti mai Mchenga, atamva kuti mkamwini wawo sanalakwe, mtima unagwa pansi. Anafuna kumuuza kuti palibe mlandu. Mvula yotsatira ananyamuka n'kukakhala m'njira yatsopano ija kumudikira. Mtsinje atangowaona chapatali, anapatukanso. Chaka chinacho chimodzimodzi. Ine nkhani imeneyi ikafika apa imandiwawa, chifukwa onse awiri ndi anthu abwino.

Ndiye chifukwa chake mpaka lero madzi akasefukira n'kuphwa, njira ya chaka chatha mumaipeza itadzaza mchenga, mtsinje utasamukira kwina. Doko limene munkakwererapo mumalipeza lili pouma. Ndiye chifukwa chakenso ife apabwato timaima chilili, maso pamadzi, nsungwi ikugwaza pansi, kufunsa kuti apongozi chaka chino akhala pati.

Mwamva mmene bwato linakhudzira paja? Ndi iwowo amenewo, akudikirabe moni. Tafika, tsikani mmodzimmodzi. Ndipo iwe Ndaziona, kamtolo kamene amayi ako akupatsira agogo ako kakafike kosamasula, wamva?