Ndani Anathyola Mwendo wa Sekani?

Kalekale, komatu osati kale kwenikweni, ku Lunzu kunali bandi ya anyamata anayi yotchedwa Makala Amoto. Magitala awo ankalira ngati chigayo, ndipo akayamba kuimba fumbi linkangoti kobo! Woimba wawo, Sekani, anali ndi kamwambo kake. Ng'oma zikagunda mofulumira pa nyimbo yomaliza, ankatsinzina n'kudziponya m'chigulu cha anthu, a kabaza oima kutsogolo n'kumuwakha.

Loweruka lina masana kunabwera mkulu wina wa ku Blantyre kudzasankha bandi yokaimba ku chikondwerero chachikulu. Basi aliyense matama.

Limbikani, mmodzi wa anayiwo, amene ankamanganso nsanja, anaikweza posanjikiza migolo iwiriiwiri pansi pake kuti mlendoyo awaone bwino.

Pilirani wa gitala anathamangitsa a kabaza aja, ati akununkha thukuta. Pamalo pawo anaimikapo azakhali ake ndi amayi anzawo a kwaya atatchena, n'kuwauza kuti achokepo nyimbo yomaliza isanayambe, a kabaza abwererepo.

Fatsani wa ng'oma mtima unkamuwawa, poti atsikana ankangotchula Sekani. Ndiye anagunda chizindikiro chodumphira chija nyimbo yachitatu ili pakati, kuti mnzakeyo asokonezeke pamaso pa mlendo.

Sekani sanasokonezeke. Anatsinzina, nadumpha. Amayi aja anangoti "Mayo ine!" n'kumwazikana. Khu! Mwendo unathyoka pawiri, ndipo mlendo uja anakwera galimoto yake osatsanzika.

Atatuwo atapita kukamuzonda kuchipatala, anamupeza mwendo uli m'chikhakha.

"Afiti inu!" anatero Sekani. "Mmodzi wa inu achoke m'bandi lero lomwe. Apo ayi ndichoka ndine, muzilira nokha ngati achule."

"Ine ndinakukankha?" anafunsa Limbikani. "Pansanja paja unakwera wekha, kutalika kwake ukukuona."

Pilirani anatsonya. "Umafuna azakhali anga athyoke msana chifukwa cha iwe? Ng'oma zikanadikira, bwenzi a kabaza atabwerera."

"Usandiputeko ine," anakalipa Fatsani. "Ndinamenya ng'oma, sindinamenye mwendo. Munthu wamkulu ndevu pepeya kumadumpha chotsinzina?"

Anakangana mpaka anamwino anawatulutsa, ndipo mpaka lero sapatsana moni.

Tsono inu musandiyang'ane ine, mlanduwu ndi wanu. Achoke ndani m'bandi: wokweza nsanja, woitana azakhali, wanjiru wa ng'oma uja, kapena Sekani mwini wake, amene anadumpha osayang'ana pogwera?