Ndowa Yosaboola ya Abiti Lajabu

Inu amene mumati munda sungakhale pakhonde la nyumba ya lendi, musathawe. Werengani kaye mpaka kumapeto, kenako mudzanditsutse ngati mungathe. Ine sindilemba zotola m'minibasi. Nkhaniyi ndi ya mayi wa mumzikiti mwathu ku Ndirande, ndipo ndiwo zake ndinadya ndi pakamwa pangapa.

Tsiku lina itatha swala, pemphero lathu la masana, Abiti Lajabu anatulukira kuseri kwa madarasa, sukulu ya pamzikiti, atasenza ndowa. Anawapeza Shehe Amidu Mtalika atapinda manja a mkanjo, akuthirira mbewu. Shehe amenewa anaphunzira kutali, mabuku a Chiarabu ali tho m'kabati. Koma kampata ka pakati pa mpanda ndi khoma anakadzaza ndi matumba a mpiru, anyezi ndi tomato, ndipo ankathirira ndi madzi otsala anthu akatawaza, kusamba kokonzekera swala.

"Asalamu aleikumu, Shehe."

"Waleikumu salamu, mayi. Tulani katunduyo, khosi lingathyoke."

Anatula. M'ndowamo munali nseula zofota, masamba achikasu, dothi lakuda likununkha ngati chithaphwi.

"Shehe, mundimvetse bwino," anatero Abiti Lajabu akukonza mpango. "Sindinabwere kudzaphunzira kulima. Ine ndinabadwira m'dimba ku Ntaja. Khasu ndinaligwira ndisanagwire pensulo, ndipo kusekondale phunziro la ulimi ndinkawasiya kutali anyamata. Ndabwera kuti mundichitire duwa, mundipempherere kwa Allah. Alipo wina pamdadada pathu amene akundichitira nsanje, chifukwa mbewu sizinayambe zandikanapo ine."

"Duwa tichita, Insha Allah," anayankha Shehe. "Koma tandiuzeni, nseulazi n'zochokera kuti?"

Apa mawu a mayiwo anatsika. Nseulazo zinali za malemu amayi awo, mtundu wa timaso tofiira umene ankausunga m'chikho chothira phulusa chaka ndi chaka. Amayiwo atamwalira, madzi osefukira anakwirira dimba lonse ndi mchenga. Abiti Lajabu atapita kukaona, anangopulumutsa njere zodzaza dzanja, n'kukumba makande pangodya imodzi imene inatsala, n'kubwera nawo pabasi m'thumba atalikumbatira pamiyendo ngati khanda.

"Za m'ndowa zina zinafa kale," anatero. "Yatsala imeneyi, ndi tinjere tochepa pansi pa botolo. Zikatha izi, Shehe, mtundu wa amayi anga watha. Kulibenso kokapempha."

Shehe anagwada, napendeketsa ndowa ija n'kusuzumira kunsi.

"Ilibe chiboo?"

"Chiboo cha chiyani? Kuti dothi la amayi anga lizituluka ndi madzi, lizikathera m'ngalande za ku Ndirande pamodzi ndi majumbo? Ayi ndithu!"

"Ndipo simunasakanize ndi dothi lina?"

"La kuno? La magalasi osweka ndi zitsekerero za mabotolo? Shehe, musandiseketse."

"Mumathirira bwanji?"

"Monga kwathu. M'mawa ndi madzulo, mpaka madzi aime pamwamba."

Shehe anapukuta zala.

"Za dimba mumandiposa kutali, mayi. Ine ndine mwana wa telala, ndinakulira pasimenti. Ndiye mundilole ndikufunseni ngati mwana wasukulu. Kudimba kuja, madzi mukathira, amapita kuti?"

"Funso lanji limenelo? Amalowa pansi, n'kubwerera kumtsinje."

"Nanga amayi anu ankawatsekera kuti asabwerere?"

Maganizo a Abiti Lajabu anabwerera kudimba kuja. Anawaona amayi awo ali chiweramire m'mamawa, chitenje chili m'maondo, akutunga pachitsime cha m'dimba ndi chitini chodontha. Madzi ankayenda m'timizere, kunyezimira pang'ono, n'kuzimiririka. Amayiwo sankacheuka n'komwe. Ankangopita pamzere wina akung'ung'udza kanyimbo ka Chiyao. Fungo la chitambe chongothyola kumene linawabwerera m'mphuno, pakati penipeni pa utsi wa makala wa ku Ndirande. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Shehe anazula mosamala kambewu kamodzi kamene kanali katafa kale, nawaonetsa mizu yake, yakuda ndi yoterera. Kenako anapita pawindo la madarasa, nabwera ndi msomali waukulu.

"Palibe wakuchitirani nsanje, mayi. Mbewuzi zikumira. Allah sanalenge muzu woti uzingomwa osapuma. Boolani pansi, muyale timiyala, makandewo musakanize ndi mchenga ndi manyowa a konkuno. Muzithirira pokhapokha chala chikapeza kuti m'kati mwauma. Dothi lina lidzatuluka ndi madzi, sindikunamizani, ndipo mtima udzakupwetekani. Koma amayi anu sanakusiyireni dothi loti mulitsekere. Anakusiyirani mbewu, ndipo mbewuyo ikufuna kukhala ndi moyo kumene mwana wawo akukhala."

Abiti Lajabu anaulandira msomali uja, nauyang'ana nthawi yaitali. Kenako, kunyada kusanawathere kwenikweni, anafunsa:

"Nanga duwa ija?"

"Tichita pompano, ya amayi anu, kuti Allah awaunikire m'manda mwawo," anatero Shehe. "Ya nseula ndi imene ili m'manja mwanuyo."

Abiti Lajabu anaboola okha, pomwepo, akukhoma msomaliwo ndi mwala. Madzi akuda anatuluka n'kuyenderera kulowera kungalande, iwo akuwaperekeza ndi maso mpaka anakhota.

Lero mukadutsa pakhonde pawo, nseula zakwera zingwe mpaka kudenga, ndipo simungachokepo asanakuuzeni zimene anapindula. Amawerenga pazala: chitambe chothyola Lachisanu lililonse, chikwatu cha mfutso cholendewera kukhitchini, ndi botolo la mbewu lodzaza mpaka m'khosi, lothira phulusa ngati kale.

"Ndipo ndikatsegula chitseko m'mawa," amatero, "pamanunkhira ku Ntaja."