Manja M'mwamba, Zidebe Pamutu

Meya Likongwe ankafuna kumanga bwalo lamasewero lamakono ndi ndalama zimene khonsolo inasungira kukonza mipopi ya madzi. Makhansala atagawanika, iye anaganiza zofunsa anthu pamaso pa atolankhani.

Kutatsala tsiku limodzi, anaitana Mayi Nasimango, wapampando wa msika.

"Mawa ndikafunsa ofuna bwalo, anthu anu onse akweze manja. Dzanja limodzi likatsala pansi, msika wanuwo ndiugwetsa."

"Musadandaule bwana, aliyense akweza awiri onse."

Kutacha, ogulitsa mumsika anadzaza holo ya khonsolo, aliyense atasenza chidebe chopanda madzi.

"Ofuna bwalo lamasewero akweze manja!" anakuwa Meya.

Manja onse anakwera n'kugwira zidebe pamutu. Atolankhani anathamangira kutsogolo kukajambula. Mtolankhani mmodzi anagogoda chidebe, icho n'kulira ngati ng'oma, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Meya anatembenukira kwa Mayi Nasimango. "Mayi, auzeni atsitse zidebezo!"

"Zidebe zikatsika, manjanso atsika, bwana," anatero Mayi Nasimango mwaulemu, uku akunjuta. "Ndiye titsitse, kapena azitijambulabe?"

Meya anayang'ana zidebe, anayang'ana makamera, kukamwa kuli yasa!