Mvula Inawapeza Pakati pa Makomo Awiri

Kuseri kwa msika wa ku Kafue, panjira yopita ku siteshoni ya sitima, pali kanyumba kometera tsitsi ka mnyamata wina dzina lake Owen. Manja ake ngabwino, mtima wake ngwabwino koposa, koma Mulungu pomuumba anaiwala kumuikira liwu limodzi pakamwa, liwu lakuti "ayi". Anthu awiri akalowa pamodzi kudzameta, aliyense ankauzidwa kuti woyamba ndi iyeyo, kenako Owen n'kuyamba kutuluka thukuta makina ali m'manja. Anthu ankangoseka poti munthuyo analibe chinyengo. Ankangoopa kuona nkhope ya munthu itagwa.

Kumetako kunali kopezera chakudya basi. Chimene Owen ankanyadira n'kuyendetsa anthu m'mapiri a kuseri kwa tawuni, kumene anakulira asanabwere kudzaphunzira. Ankatenga achinyamata a m'matchalitchi, kukwera nawo m'mawa n'kubwerera madzulo. Tsono chaka chimenecho anaganiza zokulitsa ntchito: alendo atsikire m'chigwa cha Kamwambe, kumene galimoto silifika, akagone pakhomo pa anthu, adye za kumudzi, n'kubwerera mawa lake. Oyamba kuvomera anali a kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo pakati pawo panali Mwandida, mtsikana amene Owen ankafuna kumanga naye banja.

Bambo ake a Mwandida, ba Ackson Zulu, anapuma ntchito ku njanji. Mpaka nthawi imeneyo anali asanalole kuti Owen atumize shibukombe, mkulu uja wokayambitsa nkhani ya ukwati kwa makolo. Atamva za ulendowo anamuitanitsa mnyamatayo kunyumba.

"Ine nasewenza ku njanji mpaka imvi izi," anatero ba Ackson. "Sitima timaziba kwamene ichokela na kwamene igona. Manje iwe nchito yako ni kuyenda mu sanga. Nizabwela naine nikaone na maso yanga. Munthu umamuzibila paulendo. Tikabwelako bwino, shibukombe wako abwele pa Khirisimasi."

Owen anatuluka pageti paja mapazi osagunda pansi. Khirisimasi inali pafupi, ndipo chotsala chinali kungowayendetsa bwino mdalayo, n'kuwagoneka pouma.

Ulendo usanafike anatsika yekha ku Kamwambe kukakonza pogona. M'chigwamo muli makomo awiri otha kulandira gulu, ndipo pakati pawo pamadutsa kamtsinje. Tsidya lino pamakhala ba Agatha, tsidya linalo, pakamtunda, ba Phyllis. Amayi awiriwa anakwatiwa kwa munthu ndi mng'ono wake, koma chiyambire pamene mbuzi za wina zinadya chimanga cha mnzake, moni wawo unali wapakhosi.

Ba Agatha anamulandira ndi chibwantu chozizira, thobwa lija lokhala ndi misere pansi pa chikho.

"Balendo bako bazagona pano, si so?"

Owen anayang'ana chikho, anayang'ana nkhope ya mayiyo. "Ee, ba mayo. Pano pamene."

Atawoloka kuti akangopereka moni, ba Phyllis anamuthirira munkoyo, chakumwa chija chotsekemera chophika ndi mizu, n'kumuikira mtedza wokazinga m'mbale.

"Namvela uli na balendo ba mu tauni. Ukabapeleka kwina, ine na iwe tasiyana."

Koma abale! Owen anameza mtedza uja bwinobwino, n'kunenanso kuti ee.

Atabwerera ku Kafue anamuuza Mwandida nkhaniyo ngati yoseketsa, koma Mwandida sanaseke.

"Owen, sankha mumozi. Bwelela mailo ukauze winangu kuti sivizatheka."

"Iwe suziba bizinesi," anatero Owen. "Kwa ba Agatha kukavuta, kwa ba Phyllis kulipo. Nyumba zibili ni chitetezo. Nizatuma foni tikayandikila."

"Foni? Kuja netiweki ipezeka pa chulu chimozi chabe."

Owen anamugulira chimanga chowotcha kuti nkhani ithe, ndipo inathadi. Mumtima mwake ankadziwa kuti mtsikanayo akunena zoona, koma kubwerera kukaimirira pamaso pa mayi amene anam'patsa chakumwa n'kumukana, zimenezo sakanazitha.

Tsiku la ulendo linacha bwino. Minibasi inawatula pamene msewu wafumbi umathera, ndipo anayamba kukwera. Inali nyengo ya masuku, ndipo anali mbwee pansi pa mitengo, moti a kwaya ankaimba m'kamwa muli modzaza. Ba Ackson anabwera atavala jekete ndi chipewa ngati akupita ku msonkhano, koma ankakwera bwino kuposa anyamata. Owen anali m'madzi ake. Ankadziwa mwala woterera, ankadziwa kasupe wobisika kuseri kwa thanthwe, ankadziwa pamene anyani amakhala n'kumatukwana odutsa. Atafika pamwamba anaona mtsinje wa Kafue ukunyezimira kutali, ndi sitima ikukwawa ngati bongololo.

"Uyu mwana njila aziba," anatero ba Ackson, akumuuza Mwandida koma mokweza kuti mwini wake amve.

Owen anatupa ndi chimwemwe. Anapatuka pang'ono, anatulutsa foni, n'kupeza kuti netiweki kulibe. Kunena zoona anapuma mosangalala, poti ngakhale ikanakhalapo anali asanadziwe woti amuimbire.

Anafika pakhomo pa ba Agatha dzuwa litapendeka. Bwalo linali losesedwa, nyumba zozira bwino. Mayiyo anagwada kulonjera ba Ackson, anapatsa aliyense madzi akumwa, kenako anamukodola Owen kuti apite naye kuseri kwa nkhokwe.

"Dzana napita kukumba mtsilo wozilila nyumba," anayamba motsitsa mawu. "Napeza Phyllis naye akumba. Namufunsa ati muzilila bandani, ati balendo ba Owen. Ine nati naine balendo ba Owen. Manje iwe, waniona monga ine ni tayala ya sipeya?"

"Ba mayo, sivamene..."

"Kuno sitilanda mulendo wa munzathu. Mailo bazakamba ati Agatha analanda balendo ba Phyllis. Wolokani."

Si kuti mayiyo anali wouma mtima. M'chigwa chimenecho mlendo ndi wa amene analonjezedwa, ndipo kulandira mlendo wa mnzako kuli ngati kukolola m'munda mwake. Owen anakulira komweko, mwambowo ankaudziwa bwino lomwe. Anabwerera pabwalo akumwetulira ndi mano okha.

"Apa tinaimilila chabe manzi! Pogona ni kusidya."

Mwandida anamuyang'ana, Owen n'kuyang'ana kumbali. Anawoloka kamtsinje kaja madzi akulekeza mu akakolo, n'kukwera kamtunda. Ba Phyllis nawonso anagwada, analonjera, anapereka mipando, n'kumutengera Owen kuseri kwa khola la mbuzi.

"Unayamba kulonjeza Agatha. Ine unanipasa makombo. Nifuna banthu bakambe ati Phyllis anyengelela balendo ba bene na munkoyo? Bwelelani kwa mwine wake."

Apa ndiye panali poti munthu agwade, anene zoona, nkhani ithe. Koma Owen anaona ba Ackson atakhala pampando akudzikupiza ndi chipewa, manyazi n'kumugwira. Anaganiza zobwerera kukachonderera ba Agatha, ndipo analengeza kuti asanapumule akufuna awaonetse mathithi okongola kumunsi. Gulu lonse linanyamulanso zikwama, mitambo itayamba kale kuda kumapiri.

Asanafike pamtsinje, mvula inatsika. Sinayambe ndi kuwaza ayi, inangokhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo. Pamene ankafika pogombe, kamtsinje ka mu akakolo kaja kanali katasanduka chilombo chofiira, chikukokolola zitsa ndi mapesi. Kutsogolo kosawolokeka, kumbuyo anakanidwa. Anaunjikana pansi pa mtengo wa msuku umene masamba ake sakanatchinga ngakhale nkhuku. Mabulangete m'zikwama ananyowa, nsapato zinadzaza madzi, tsitsi la atsikana limene analuka dzulo lake linagona. Shadreck, woimba besi wa kwaya, anayambitsa nyimbo ya chingalawa cha Nowa, ena n'kumavomera uku mano akugundana.

Ba Ackson sanaimbe nawo. Chipewa chawo chinali chitagwera m'makutu, madzi akutsika m'ndevu.

"Owen."

"Ba tate."

"Mathithi tayaona, yagwela pamutu pathu. Manje kamba zoona. Tigona kuti?"

Nyimbo inaduka. Owen anafuna nthaka itseguke, koma inali matope okhaokha. Anafotokoza zonse, za chibwantu, za munkoyo, za ee wake wapawiri. Ba Ackson anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza kumtunda ndi ndodo yawo.

"Tiye. Iwe kusogolo."

Pabwalo pa ba Phyllis, Owen anagwada m'matope momwemo, mvula ikumumenya pamsana, n'kuomba m'manja.

"Ba mayo, nalakwa. Ninakamba ee kubili chifukwa cha mantha. Chilango nipaseni ine, koma bakulu aba basagone panja."

Ba Phyllis anasuzumira pakhomo. Ataona mdala wa imvi ataima pabwalo pawo akuchucha madzi, anagwira pamutu.

"Mayo ine! Bakulu bonse aba mu mvula! Ngenani, ngenani! Mulandu wagamula ni mtsinje, njila yatsekeka. Agatha sangakambe ati nalanda."

Posakhalitsa moto unayaka m'khitchini, zovala zili ngundangunda pa zingwe, tambala wamkulu atathamangitsidwa mpaka pansi pa nkhokwe. Ba Ackson anakhala pafupi ndi moto atafunda chitenje chamaluwa cha ba Phyllis, ndipo palibe amene analimba mtima kuseka mpaka iwo eni atayamba. Anadya nshima ndi nkhuku ya kumudzi, a kwaya anaimbira mayiyo mpaka anavina.

M'mawa madzi ataphwa, anaona ba Agatha akuwoloka atasenza chidebe cha chibwantu, mphika uli m'manja.

"Nkhuku yanga inafa kudala," anatero akutula. "Manje izadyewa na bandani? Nimvela balendo banga banasamba bwino."

Ba Phyllis anawayalira mphasa, ndipo amayi awiri aja, amene kwa zaka sankagawana ngakhale mchere, anakhala pamodzi n'kuyamba kuyerekeza mawu a Owen. Wina akati, "Ee, ba mayo," mnzake n'kuyankha, "Pano pamene," onse n'kugwa ndi phwete mpaka kupukuta misozi. Owen ataona kuti ba Ackson nawonso akuseka, mtima unayamba kubwerera m'malo. Anaganiza kuti mwina mvula yatsuka mlandu.

Pobwerera, atafika pamwamba pa phiri paja, anadzikoka n'kuyandikira mdalayo.

"Ba tate, nanga za shibukombe?"

Ba Ackson anatsamira ndodo, n'kuyang'ana chigwa chimene anachokera.

"Ulendo wako ni wabwino, mwana wanga. Mapili uyaziba, banthu bakukonda, ndipo ine nizabwelanso. Koma pa Khirisimasi shibukombe asabwele. Mwamuna wamene alephela kukana mukazi chifukwa cha kapu ya munkoyo, mailo azakana chani? Ine mwana mukazi nili naye mumozi. Phunzila kukamba ayi. Tizaonana banthu bakakolola."

Mawuwo anamulasa Owen mpaka m'mafupa. Anatembenukira kwa Mwandida kuti mwina amuthandiza, koma mtsikanayo anali kuyetsemula ndi chimfine cha dzulo.

"Ninakuuza," anatero akupukuta mphuno. "Nizakulindila, Owen, koma usanilindilise kabili."

Anatsika phirilo a kwaya akuimba kutsogolo, Owen ali kumbuyo, nsapato zake zikulira madzi. Anagwira makomo awiri kuti asasowe pogona, n'kutha ndi kupempha pogona atagwada m'matope, ndipo ukwati umene unali pamphuno unathawira ku nyengo yokolola. Pajatu akuluakulu sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.