Rediyeta ya a Zembere

Panali munthu wina kumapiri a ku Neno amene ankadyetsa banja lake ndi galimoto. Anthu ankangowatchula kuti a Zembere. Galimotoyo inali pikapu yakale. Ankanyamulira anthu mbatata ndi manachesi kutsika nazo kuchigwa, pobwerera n'kukwera ndi malata, mchere ndi feteleza. Msewu wakumeneko ena a inu mukuudziwa. Ndi wa miyala, ndipo chitunda chake sichikhululukira galimoto yodwala.

Galimoto ya a Zembere inali ndi nthenda imodzi. Rediyeta yake, chija chimasunga madzi oziziritsa injini, inkadontha. M'mawa uliwonse pansi pa galimoto pankakhala ponyowa. Poyamba anali malo aang'ono ngati chikhatho. Patapita miyezi anakula ngati lichero.

A Zembere anasuzumira, naona kuti madzi akuchucha pakona yam'munsi. Anamatapo sopo. Sopo atasungunuka anamatapo phula. Mnzawo wina anawauza kuti aswere dzira laliwisi m'rediyetamo, likapsa likatseka pobookapo. Anaswera. Wina anati fodya wopera ndiye mankhwala ake. Anathira. Chilichonse chinkagwira sabata imodzi, kenako madzi n'kuyambanso kudontha.

Choncho anagula zigubu zinayi, namayenda nazo kumbuyo. Ankadziwa mjigo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Akafika pamjigo ankaima, kutsegula boneti, kuthira madzi, n'kupitirira.

Akazi awo anawauza kangapo kuti, "Bambo, bwanji osakaionetsa kwa amisiri galimotoyi?"

Iwo ankangoyankha kuti, "Ikuyenda."

Chifukwa chenicheni sankachinena. Ankaopa. Mumtima mwawo anali atagamula kale kuti rediyeta yonse inaola, ndipo tsiku limene mmisiri adzaichotse adzawauza kuti njotaya. Yatsopano sakanaikwanitsa. Galimoto ikanaima, ndipo ana akanasiya sukulu. Ndiye ankaona kuti bola kusadziwa. Anayenda choncho zaka ziwiri.

Tsiku lina kunabwera mayi Nangondo, wapampando wa kalabu ya amayi a m'mudzi woyandikana nawo. Amayiwo anali atakumba maiwe atatu ndi makasu awo chilimwe chonse, ndipo tsopano madzi anali atadzaza. Chotsala chinali mbewu ya nsomba, tiana tating'ono ngati chala, timene mlimi wina wa kuchigwa ankagulitsa.

"Tiana ta nsomba sitichedwa kufa," anatero mayi Nangondo. "Tikangotuluka m'dziwe, tizithamanga nato. Galimoto yanu ili bwino?"

"Ili bwino, mayi," anayankha a Zembere.

Ananyamuka m'mawa, natsika bwinobwino. Kuchigwa anakweza migolo itatu yodzaza madzi ndi nsomba. Malo anachepa, moti a Zembere anasiya zigubu ziwiri kwa mlimi uja. Anati m'mtima, ziwiri zotsalazi zikwana.

Sizinakwane. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo katundu anali wolemera. Asanafike n'komwe patsinde pa chitunda chachikulu, zigubu zonse zinali zitauma. Kamuvi koonetsa kutentha kanakwera mpaka pofiira. Nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti. A Zembere anaikhotetsera galimoto pakamsika kena kam'mbali mwa msewu, naizimitsa pansi pa mtengo wa mango.

Pansi pa mtengo womwewo panali mkulu wina wokhoma zidebe, a Matewere. Anali ndi mbaula, nyundo, lumo lodulira malata, ndi zidebe zobooka zimene anthu anawasiyira. A Zembere atatsegula boneti n'kutambasula dzanja kuti atsegule chivindikiro cha rediyeta, mkuluyo anawagwira mkono.

"Musatero, achimwene. Ikadali yolusa. Ikulavulirani madzi owira kumaso. Idikireni izizire."

Anadikira. Mayi Nangondo anakwera kumbuyo kukaona nsomba. Zina zinali zitayamba kubwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Anatenga kapu, namatunga madzi a mumgolo n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, monga anawalangizira mlimi uja.

Injini itazizira, a Matewere anagwada n'kuyang'ana. Anakhudza sopo ndi phula zija. Ananunkhiza chivindikiro.

"Munaswera dzira muno?"

"Mazira," anatero a Zembere. "Ndi fodya."

Mkuluyo sanaseke. Anati, "Ine si makaniko. Ndimamata zidebe. Koma chodontha n'chodontha. Mjigo uli apo, mukhoza kudzaza n'kumapita. Kungoti kuyambira pano mpaka pamwamba palibenso madzi, ndipo galimoto ikamakwera pobookapo pamayasama. Mukaima pakati pa chitunda, popanda mthunzi. Kapena tiichotse, tione pamene ikudonthera. Zitenga maola awiri."

"Nanga mukaichotsa n'kupeza kuti yaola yonse?"

"Ndiye tidziwa kuti yaola."

A Zembere anayang'ana mjigo. Anayang'ana chitunda. Maganizo ena anawafikira, oti akaima pakati panjira akhoza kutungako madzi m'migolo ya nsomba, pang'ono chabe. Atazindikira chimene akuganiza, anachita manyazi. Anapita kumbuyo kwa galimoto kumene kunali mayi Nangondo, navula chipewa.

"Mayi, ndinakunamizani. Galimotoyi siili bwino. Yakhala ikudontha zaka ziwiri, ndipo ndimaopa kuionetsa. Ndikaikakamiza, nsomba zanu zikafera pachitunda. Ndikufuna tiichotse rediyeta pompano. Mwina zitheka, mwina ayi."

Mayi Nangondo sanasiye kutunga ndi kuthira.

"Mukanandiuza dzulo, bambo Zembere, tikanaganiza limodzi. Amayi aja akumba mpaka manja matuza." Anathiranso kapu ina. "Pitani kakonzeni. Nsombazi ndikhala nazo ine."

A Zembere anatenga sipanala, ndipo bawuti yoyamba anaimasula okha.

Anamasula mapaipi awiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, naitulutsa rediyeta. A Matewere anaitengera kumjigo, naitsuka. Zimene zinatulukamo zinali zonyansa: dzimbiri, fodya wakuda, ndi zibulumwa za mazira ophika. Timipata tambiri tam'kati tinali titatsekeka nazo.

"Mankhwala anu ndi amene amaitenthetsa," anatero mkuluyo. "Madzi analibe podutsa."

Anatsukabe mpaka madzi anatuluka oyera. Kenako anatenga zitsononkho ziwiri za chimanga, nazikulunga ndi malegeni, natseka nazo makomo a mapaipi aja. Pakamwa pake analumikizapo pampu ya njinga. Anaimiza rediyeta yonse m'theka la mgolo lodzaza madzi limene ankayeseramo zidebe, nauza a Zembere kuti apope pang'onopang'ono.

A Zembere ankapopa maso ali pakona yam'munsi ija, imene anaimata zaka ziwiri. Sipanatuluke kanthu. Anayembekeza kuti thovu lituluke paliponse. Silinatuluke. Madzi anali zii.

"Onani apa," anatero a Matewere.

Kumwamba kwenikweni, pamsoko wa pafupi ndi khosi la paipi, tithovu ting'onoting'ono tinkakwera mondondozana ngati mikanda. Unali mng'alu wochepa, wosakwana ndi chikhadabo chomwe.

"Koma madzi amachucha m'munsi," anatero a Zembere.

"Madzi amatsika, achimwene. Amatulukira kuno, n'kutsetsereka kuseri kumene simuona, n'kukagwera uko. Pamene panyowa si pamene pabooka. Inu mwakhala mukumata pabwinobwino."

"Ndiye sinaole?"

"Chitsulo ichi n'cholimba kuposa zidebe zanga zonse."

A Zembere anakhala pansi pafumbi, pampu ili m'manja. Mkuluyo anawasiya.

Anaumitsa pamng'alupo, napala mpaka mkuwa unawala. Anaika chitsulo chake chomatira pambaula mpaka chinatentha, nasungunula mtovu, nauyendetsa pamsokowo modekha, monga amachitira ndi chidebe cha mayi wamasiye. Utazizira anaimizanso rediyeta m'madzi. A Zembere anapopa, napopanso. Sipanakwere kathovu ngakhale kamodzi. Kumata kwenikweniko sikunathe ndi mphindi khumi zomwe.

Anaibwezera pamalo pake, namanga mapaipi, nadzaza madzi oyera. Analiza injini n'kuisiya ikulira, onse atagwada n'kumayang'ana pansi. Fumbi linakhalabe louma.

Nthawi yonseyi mayi Nangondo anali asanapume. Amayi awiri ogulitsa tomato pamsikapo anali atawaona, nabwera ndi makapu awo, aliyense mgolo wake. Nsomba zina zinafa ndithu, zokwana m'manja awiri. Mayi Nangondo anazichotsa.

Ananyamuka dzuwa litapendeka. Pachitunda galimoto inalira, inanjenjemera, koma kamuvi kaja kanaima pakati ndipo sikanasunthe. A Zembere ankakayang'ana pakona iliyonse, osakhulupirira. Anadutsa pamene ankaima nthawi zonse. Anadutsa pena. Anafika pamwamba osatsegula boneti.

Kumaiwe anapeza amayi atakhala m'mphepete, ena atataya kale mtima. Anatsitsa migolo, naipendeketsa pang'onopang'ono m'madzi. Tinsomba tinaima kaye ngati tadabwa, kenako tinabalalika n'kulowa pansi. Amayi anayamba nyimbo. Mayi Nangondo anawafotokozera zonse zimene zinachitika panjira, osabisa bodza la a Zembere, osabisanso kuti anaulula okha. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, nsomba zitakula, amayiwo anafuna galimoto yopita nazo kumsika. Anatumiza uthenga kwa a Zembere.

Tsono inu ana anga amene mukumanga banja lero, ndi inu amene munamanga kale, mverani.

M'nyumba zambiri muli chodontha. Mumakangana za mchere wa m'ndiwo, za chitseko chosatseka, za mwana amene walira. Apo ndi pamene panyowa. Mumamatapo chitenje chatsopano, mumamatapo nthabwala, mumamatapo kukhala chete, ndipo zimagwira sabata imodzi. Pobooka penipeni pali pena, kuseri, pamawu amene ananenedwa kalekale kapena amene sananenedwe konse. Simufuna kuyang'anapo chifukwa mukuopa kupeza kuti zonse zinaola.

Musatsegule mtima ukadali wowira. Dikirani uzizire. Koma ukazizira musangothira madzi n'kumapita. Khalani pansi awiri. Ngati simukuona, itanani ankhoswe kapena munthu wamaso odekha akuthandizeni kuyang'ana. Nena zoona iwe woyamba, usadikire mnzako.

Sindikulonjezani kuti simudzataya kanthu. Nthawi imene mwachedwa ili ndi mtengo wake. Koma ine ndakhala pakati pa mabanja ambiri, ndipo ndikukuuzani chimene ndaona. Kawirikawiri mng'alu umakhala waung'ono kuposa mantha amene munauopa nawo, ndipo chitsulo chimakhala chikadali cholimba.

Amene muli ndi chodontha kwanu, mukuchidziwa. Musadikire chitunda.