Manyowa a Bwana Chikopa

Tsiku lina Bwana Chikopa, mwini malo ophwanyira miyala ya kwale, adamva kuti kukubwera mayi woyendera za chilengedwe. Vuto lidali dothi la kuseri kwa makina, lomwe lidali litamwa oyilo.

Adaitana Mphonda, woyendetsa lole. "Kataye dothili m'dimba mwako. Ndi manyowa abwino. Ukakana, ntchito yatha."

"Zikomo bwana," adatero Mphonda. Adapakira dothilo, nakalikhuthula kunyumba kwa bwana wakeyo, nauza mkazi wa bwanayo kuti: "Mayi, abwana akuti manyowa a maluwa anu ndi awa."

Woyendera uja atafika, adapeza pamalo pali mbee. Akutsanzika, padaima galimoto, mkazi wa a Chikopa n'kutsika, manja ali bii.

"Bambo a Tamanda! Oyilo wa kuntchito kwanu mpaka kukathira pa maluwa anga?"

"Ndi manyowatu amenewo," adatero a Chikopa.

"Ngati ali manyowa, akhale komweko," adatero woyenderayo.

A Chikopa adayang'ana nkhope ya mkazi wawo, natembenukira kwa woyenderayo. "Ayi mayi, ndi oyilo. Chonde ndiuzeni kokataya koyenera. Ndikapakira ndekha."