Tsidya lodikha la dziwe la ku Lifidzi

Denise adali mayi wa nthumanzi. Ngakhale madzi ochapira matewera ankayamba wawayesa ndi chigongono, ngati akufuna kusambitsa khanda. N'chifukwa chake ndiye adayamba kuzindikira za dziwe lalikulu la kumunsi kwa dimba lawo ku Lifidzi.

Mwera utangoyamba mu Juni, mwamuna wake Serafim adasamutsa khola lake la ukonde, momwe ankawetamo chambo, nalimangirira tsidya lomwe mphepo imachokera. Kumeneko bulugamu ankatchinga, madzi ali phee ngati mafuta m'mbale. Tsidya linalo mafunde ankangomenya gombe.

Denise adapita kukachapa kumbali yodikhayo dzuwa lili paliwombo. Madzi ozizira adamuluma m'mafupa, akununkha ndowe zoola. Adazungulira dziwe lonse mwana wake Matilde ali kumbuyo, naviika mkono kwa mafunde kuja. Ofunda. Zidamuzunguza mutu mpaka adakumbukira mapu a apulofesola, aphunzitsi ake a jogalafiya kusukulu ya ku Fonte Boa.

"Bambo a Matilde, khola lija libwerere kwa mafunde," adatero atafika kunyumba. "Mphepo ikukankhira madzi a pamwamba tsidya lina, ndiye a pansi akukwera kudzatseka malo. Kugombe la Angola nyanja imatero, mpaka imazizira dzuwa likuswa mtengo."

Serafim adaseka. "Ndiye ku Angolako nsomba zidatha?"

"Ayi. Akuti zimachuluka, poti madzi a pansi amabwera ndi chakudya."

"Basi mwandiyankhira nokha, amayi apulofesola. Zanga zinenepa."

Komabe fungo lija silidamuchoke Denise m'mphuno. "Pansi pa nyanja sindidafikepo. Koma pansi pa dziwe lathu pali matope ndi masamba a zaka khumi. Nsomba ipuma chiyani m'menemo?"

"Inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe. Mafunde angandithyolere nsungwi za khola."

Mwera udaomba masiku atatu osapuma. Tsiku lachiwiri chambo chidayamba kuyasamula pamwamba pa madzi, Serafim nati chikupempha gaga, nathira wina. Nsomba zam'tchire za m'dziwemo zidathawira kwa mafunde. Zake zikadathawira kuti, ukonde utazinga mbali zonse?

M'mawa wa tsiku lachinayi khola lonse lidayera mimba. Nsomba za miyezi isanu, zomwe banjalo linkadalira kudya mpaka mvula, zidatsala zisanu ndi ziwiri zokha.

Serafim adaima m'madzi ofika m'mawondo, mano akugwedera. Adayenda pang'onopang'ono kuzungulira gombe, nakaviika dzanja tsidya linalo. Madzi a kumeneko adali ofunda.

"Amake Matilde," adaitana motsitsa mawu, "tandiuzeninso za ku Angola zija. Muyambire poyamba."

Denise adatsitsa mwana, nathyola kamtengo, nayamba kujambula dziwe pamchenga.

Madzi adali osalala pamwamba, imfa ikukwera kuchokera pansi. Akulu sadaname: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.